Kampani ya magetsi a mphepo yatisiyira mapepala, kodi tisaine?

"Ndine mlimi, ndipo banja lathu lili ndi malo aakulu pamtunda pomwe timadyetserapo ng'ombe ndi kulimapo pang'ono. Pamalopo mphepo sileka. Miyezi ingapo yapitayo kunabwera anthu a kampani ina, akuti akufuna kumanga makina ambirimbiri opanga magetsi ndi mphepo, ndipo malo athu ali m'kati mwa mapu awo. Aimika kale chitsulo chachitali pamalo a mnzathu woyandikana naye, ndipo ife atisiyira mapepala oti tisaine. Abale ena akuti tisaine msanga mwayi ungatipite, ena akuti tikasaina ndiye kuti malo apita. Ndamvanso kuti makinawa amasokosa usiku wonse ndiponso amapha mbalame. Kodi ntchito yotereyi imayenda bwanji, imatenga nthawi yaitali motani, nanga ife tichenjere ndi chiyani?"

Bambo, zikomo chifukwa cholemba musanasaine. Ine ndagwira ntchito yomanga makina amenewa kwa zaka, ndipo ambiri amandifunsa zimenezi cholembera chitagwira kale ntchito yake. Mtima ukhale pansi kaye: palibe chimene chikupsa. Chitsulo mwachionacho si chiyambi cha kumanga ayi, ndi mlongoti woyezera mphepo, ndipo kuchokera tsiku limene umaimikidwa kufika tsiku limene makina oyamba amazungulira pamadutsa zaka, kawirikawiri zitatu mpaka zisanu ndi ziwiri, pena kupitirira. Ntchito zambiri zimene zimaimika mlongoti sizifika n'komwe pomanga. Choncho amene akukuuzani kuti mwayi ukupitani sabata ino akungokufulumizitsani. Ngati kampaniyo ikufunadi mtunda wanuwo, mtundawo susuntha.

Ndiyambe ndi mlongotiwo, chifukwa ukufotokoza chifukwa chake anthuwa akuoneka ngati akuzengereza. Mukaukwezera maso muona timikono totuluka m'mbali, pa msinkhu wosiyanasiyana, tili ndi tizikho titatu tozungulira ndi kamchira kosonyeza kumene mphepo ikuchokera. Tizida timeneti timalemba liwiro la mphepo usana ndi usiku, ndipo kuyezako kumayenera kukwana chaka chathunthu, nthawi zambiri zaka ziwiri, kuti nyengo zonse zilowemo. Masiku ano ena amawonjezera kabokosi kotchedwa lidar, kamene kamakhala pansi n'kumayeza mphepo ya m'mwamba pogwiritsa ntchito kuwala. Kenako zimene apeza amazifananiza ndi zolembedwa za nyengo za zaka zambiri, kuopa kuti chaka chimene anayezacho chinali chamwayi chabe.

Chimawachititsa khama lonseli n'chakuti mphamvu ya mumphepo sikula mofanana ndi liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kasanu ndi katatu. Mtunda umene mphepo yake imathamanga mamita 7 pa sekondi uli ndi mphamvu yoposa ya mtunda wa mamita 6 pa sekondi ndi pafupifupi 60 peresenti, chonsecho inu mutaima pa mitunda iwiriyo simungamve kusiyana kwake patsaya. Kusiyana kakang'ono kameneko ndiko kamagamula ngati banki ipereka ngongole kapena ayi. Ndipo makina sangatenge mphamvu yonse ya mphepo yodutsa m'mapiko ake. Katswiri wa ku Germany, Albert Betz, anawerengera kalekale kuti malire ake ndi 59 peresenti, ndipo makina enieni amachepera pamenepo. Amayamba kupanga magetsi mphepo ikafika mamita 3 kapena 4 pa sekondi, amafika pachimake cha mphamvu zake cha m'ma 12, ndipo ikafika cha m'ma 25 ambiri amadziimitsa okha, mapiko n'kupendeka kuti mkuntho ungodutsa. N'chifukwa chake malo olembedwa kuti ndi a mamegawati 100 (muyezo wa mphamvu ya magetsi) mukawawerengera chaka chonse amakhala akutulutsa mwina 30 kapena 40. Si chinyengo chimenecho, ndi mmene mphepo ilili.

Pamene mlongoti ukuyeza, kumaofesi kukuchitika zinthu zimene inu simukuziona, ndipo n'zimene zimapha ntchito zambiri. Payenera kupezeka wogula magetsiwo amene asaine mgwirizano wa zaka 15 kapena 20. Payenera kupezeka chilolezo cholumikiza magetsiwo ku mawaya akuluakulu a dziko, komanso mawayawo akhale ndi mpata wonyamula katundu watsopanoyo. Pamafunika kafukufuku wa mmene ntchitoyo ikhudzire chilengedwe ndi anthu, zilolezo za boma, ndi mapepala a malo onse amene makina, misewu ndi mawaya adzadutsepo. Zonsezi zikakwana m'pamene mabanki amatulutsa ndalama. Mapepala anuwo ndi chimodzi mwa zinthu zimene kampani ikusonkhanitsa kuti ikaonetse kwa obwereketsa ndalama. Dziwani zimenezi bwinobwino, chifukwa zikutanthauza kuti nthawi imene mawu anu ali ndi mphamvu kwambiri ndi inoyo, musanasaine.

Chitsanzo chimene ndimakonda kupereka ndi cha Lake Turkana Wind Power, m'chigawo cha Marsabit kumpoto kwa Kenya. Pali makina 365 a kampani ya Vestas, onse pamodzi mamegawati 310. Mphepo ya kumeneko ndi yosowa kuipeza kwina, imawomba mwamphamvu kuchokera mbali imodzi pafupifupi chaka chonse. Koma asanabweretse chitsulo chilichonse anayamba akonza msewu wa makilomita opitirira 200, ndipo anasankha makina ang'onoang'ono, a makilowati 850 alionse, osavuta kunyamula ulendo wautali wochokera kudoko la Mombasa. Kuimika makina onse 365 kunatheka pasanathe chaka, ndipo kunatha mu 2017. Kenako anangokhala chiimire, chifukwa mzere wa mawaya wa makilomita opitirira 400 wopita ku Suswa unali usanathe. Magetsi anayamba kuyenda mu September 2018, ndipo boma linalipira chindapusa chifukwa cha kuchedwako. Mukaona nkhani imeneyi mumvetsa zimene ife a ntchitoyi timauzana: kuimika makina ndiye gawo losavuta. Zovuta ndi msewu, mawaya ndi malo. Ndipotu za malo zinadzabuka komweko, pamene khoti la ku Meru linagamula mu 2021 kuti ziphaso za malowo zinaperekedwa mosatsata ndondomeko, anthu a m'deralo atadandaula.

Tsopano funso lanu lalikulu, ngati malo apita. Kawirikawiri ayi. Makampani ambiri sagula malo, amachita lendi, ndipo makina amaikidwa motalikirana kwambiri chifukwa amene ali kutsogolo amasokoneza mphepo ya amene ali kumbuyo. Mtunda wa pakati pawo umakhala mamita mazana angapo, nthawi zina kuyandikira kilomita. Malo amene amachotsedwa m'manja mwanu kwenikweni ndi phata la nsanja yonyamula makinawo, bwalo loimikapo kireni ndi msewu, zomwe pa malo onse zimakhala gawo laling'ono, maperesenti ochepa chabe. Kotsalako mumalima ndi kudyetsa ziweto ngati kale. Ndaonapo ng'ombe zitandandalika mumthunzi wa nsanja masana, zikusuntha pang'onopang'ono kutsatira mthunziwo, makina akuzungulira pamwamba pawo osazisokoneza.

Koma walira mvula walira matope. Chaka chimodzi kapena ziwiri za kumanga si zamtendere, ndipo ndikufuna muzione m'maso musanavomere. Amayamba ndi misewu, yotakata mamita asanu kapena kuposa, yokhala ndi makona otambasuka kwambiri chifukwa phiko limodzi la makina amakono limatalika mamita 60 mpaka 80 ndipo silipindika. Lole yonyamula phiko lotere ikafika pakona yothina pamafunika kugwetsa mpanda, kudula mtengo kapena kusuntha mapolo a magetsi. Kenako amakumba dzenje lozungulira, lotambalala pafupifupi mamita 20, n'kulukamo zitsulo zolemera matani makumi angapo, pakati pake n'kuikapo chikhola cha mabawuti ataliatali pomwe nsanja idzamangiriridwe. Tsiku lothira konkire ndi tsiku limodzi, osapumira, kuti phatalo lisakhale ndi msoko. Ngati phata likufuna makiyubiki mita 500, ndiye kuti malole osakaniza oposa 60 adutsa pakhomo panu kuyambira mbandakucha mpaka mdima, ndipo zimenezo ndi za makina amodzi okha. Kenako amadikira milungu inayi kuti phatalo lilimbe.

Kireni yaikulu imabwera zidutswazidutswa pa malole ambiri, ndipo kuilumikiza kokha kumatenga masiku. Nsanja amaisanja zigawo zitatu, zinayi kapena zisanu, mpaka mamita 100 kapena kupitirira. Pamwamba pake amakwezapo kanyumba kokhala ndi jenereta, kolemera kuposa malole angapo odzaza, kenako mapiko. Choseketsa n'chakuti mdani wamkulu wa ntchito imeneyi ndi mphepo yomweyo imene tabwerera. Ikangokula pang'ono kireni singanyamule phiko, chifukwa phikolo analipangira kugwira mphepo. Ndakhalapo masiku anayi ndi gulu lonse la amisiri tikungoyang'ana kachipangizo koyezera, kenako mphepo n'kugwa cha m'ma 3 koloko usiku, tonse n'kudzuka kukanyamula pansi pa magetsi owala ngati masana. Choncho ngati nyumba yanu ili pafupi, funsani za maola ogwirira ntchito ndipo alembedwe. Mawaya olumikiza makinawo amakwiriridwa pansi, mozama pafupifupi mita imodzi, kupita pamalo pomwe pali thiransifoma yaikulu. Funsani mapu osonyeza mmene adutsa, kuti tsiku lina musadzakumbe chitsime kapena dzenje pamwamba pake.

Pa zaka zanga zonse, madandaulo ochuluka a eni malo sanali okhudza makina, anali okhudza madzi ndi zipata. Pantchito ina imene ndinagwirako, womanga msewu anaika paipi yodutsitsa madzi pamalo olakwika. Mvula yoyamba itagwa, madzi onse a m'mbali mwa msewu anathamangira m'munda mwa mayi wina, n'kung'amba chigwembe chofika m'chiuno usiku umodzi wokha. Nthaka yachondeyo inapita, ndipo mgwirizano wawo unangonena za mbewu zowonongeka, osanena za nthaka. Anavutika miyezi yambiri asanathandizidwe. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti ajambule zithunzi za malo ake onse ntchito isanayambe, minda, mipanda, akasupe, njira za ziweto, ndipo mbali zonse ziwiri zisaine kuti umu ndi mmene malowo analili. Muumirirenso kuti dothi lapamwamba likakumbidwa liziunjikidwa palokha, osalisakaniza ndi lapansi, kuti lidzabwezeretsedwe pamwamba.

Za phokoso, mwamva zoona pang'ono. Makinawa amaoneka ngati akuzungulira mwaulesi, mwina maulendo 10 pa mphindi, koma nsonga ya phiko lalitali mamita 75 imakhala ikuthamanga makilomita pafupifupi 280 pa ola, ndipo ndiyo imatulutsa kamkokomo kobwerezabwereza kaja. Mukatalikira theka la kilomita phokosolo limatsika kufika pa madesibelo cha m'ma 40, lomwe si lalikulu, koma usiku limamveka kwambiri chifukwa pansi pamakhala bata pomwe m'mwamba mphepo ikuwombabe. Bungwe la World Health Organization mu 2018 linalangiza kuti phokoso la makinawa pa nyumba za anthu lisapitirire madesibelo 45 powerengera tsiku lonse. Kafukufuku wamkulu wa boma la Canada, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2014, sanapeze kuti phokosoli limayambitsa matenda, koma anapeza kuti likamakula anthu ambiri amanyansidwa nalo. Ine kunyansidwako sindikutenga ngati nkhani yaing'ono, munthu amene akulephera kupuma m'nyumba mwake ali ndi vuto lenileni. Mankhwala ake ndi kutalikirana ndi makinawo, ndipo zimenezi zimakambidwa mapu asanatsekedwe. Palinso mthunzi wa mapiko umene umaphethira pawindo dzuwa likakhala m'munsi kuseri kwa makina. Umenewu amatha kuuwerengera pasadakhale, tsiku ndi ola lake. Ku Germany malire amene amatsatidwa ndi maola 30 pa chaka ndi mphindi 30 pa tsiku, ndipo makina amatha kuikidwa kuti aziima okha nthawi imeneyo.

Mbalame zimafadi, koma kuchuluka kwake kumadalira kwambiri pamene makina aikidwa. Phunziro lowawa linachokera ku Altamont Pass ku California, komwe m'zaka za m'ma 1980 anaimika makina ang'onoang'ono zikwizikwi pamalo osakirapo ziwombankhanga ndi mbalame zina zolusa, ndipo zambiri zinaphedwa. Mbalame zazikulu zouluka mozungulira m'mwamba, monga miimba, ndizo zili pangozi kwambiri, chifukwa zimaswana pang'onopang'ono. Mileme nayo imafa, makamaka usiku wa mphepo yochepa, ndipo kuimitsa makina pa maola amenewo kumachepetsa imfazo ndi theka kapena kuposa popanda kutaya magetsi ambiri. Apa inu mukudziwa zimene akatswiri obwera masiku owerengeka sangazidziwe. Ngati pali thanthwe pomwe mbalame zimaikira mazira, phanga la mileme, kapena mpata umene mbalame zimadutsa nyengo ina yake, kanenedwe pamsonkhano ndipo kalembedwe m'lipoti.

Tibwere ku mapepala amene ali m'manja mwanuwo. Ndikuganiza kuti si lendi yeniyeniyo, koma pangano loyamba lopatsa kampani ufulu wodzachita lendi ikadzafuna. Ambiri amapusitsidwa poganiza kuti n'kapepala kongoyambira. Vuto n'lakuti mfundo zonse za lendi ya zaka 25 kapena 30 zimakhala zitamatidwa kale kumbuyo kwake, ndipo kampani ikadzanena kuti yakonzeka simudzakhalanso ndi mpata wokambirana. Ndiye werengani ngati kuti ndi lendi yeniyeniyo. Onani kuti pangano loyambalo likutha liti. Ngati lilibe tsiku lothera, kapena kampani ingathe kumaliwonjezera yokha, malo anu angamangike zaka khumi popanda makina kapena ndalama yooneka. Onani ngati akutenga malo onse kapena zigawo zojambulidwa pa mapu. Onani kalipiridwe: ena amalipira ndalama yokhazikika pa makina alionse, ena gawo la zimene magetsi agulitsidwa, ndipo chabwino ndi kuphatikiza ziwirizi kuti pakhale ndalama yosatsika ngakhale chaka cha mphepo yochepa. Chilichonse chimene mwagwirizana chizikwera mogwirizana ndi kukwera mtengo kwa zinthu, apo ayi ndalama yooneka yambiri lero idzakhala yogulira zochepa ana anu akadzakula.

Pali mfundo zina zobisika zimene anthu amazidumpha. Kampani imene ikukuyenderani lero mwina si imene idzamange, chifukwa ntchito zoterezi zimagulitsidwa, nthawi zina kangapo. Malonjezo a pakamwa a mnyamata waulemu amene amabwera kwanuyo sadzamanga wogula watsopano, cholembedwa chokha ndicho chidzamange. Mwina mudzaletsedwa kubzala mitengo italiitali kapena kumanga nyumba pafupi ndi makina. Ndipo funsani za mapeto: makina akakalamba, pakatha zaka 20 mpaka 30, adzawazula ndani, ndi ndalama za yani, ndipo phata lidzachotsedwa mozama bwanji? Kawirikawiri amangoswa mita imodzi yapamwamba n'kukwirira kotsalako. Pakhale ndalama yosungidwa padera ya ntchito imeneyi, yoti isathe ngakhale kampani itagwa.

Mwati ndi malo a banja. Pamenepa ndiye ndikuchenjezeni kwambiri. Aliyense amene ali ndi ufulu pamalowo, ngakhale amene amangodyetserapo ziweto kapena kudutsapo popita kumadzi, ayenera kumva ndi kuvomereza. Izi si zongofuna mtendere wa pabanja pokha. Ku Norway, khoti lalikulu linagamula mu October 2021 kuti zilolezo za malo awiri a makina a mphepo ku Fosen, otchedwa Storheia ndi Roan, zinali zosavomerezeka chifukwa zinaphwanya ufulu wa anthu a mtundu wa Sámi oweta ziweto kumeneko. Makina 151 anali ataimikidwa kale, ndipo mkanganowo unatenga zaka zina zoposa ziwiri usanathe. Kampani yanzeru imadziwa zimenezi ndipo siikonda siginecha yopezeka mwachinsinsi. Imene ikukuuzani kuti musauze anansi anu zimene yakulonjezani, ikayikireni. Eni malo akakambirana ngati gulu amapeza zabwino kuposa aliyense payekha, ndipo amatha kukumbukiranso mnansi amene sadzalandira makina pamalo pake koma adzamva phokoso lofanana ndi lanu.

Zinthu ziwiri musaziyembekezere mopitirira. Ntchito zimachuluka nthawi yomanga yokha, anthu mazanamazana, koma kumanga kukatha pamatsala amisiri ochepa ndi alonda. Ndipo kukhala pansi pa makina sikutanthauza kuti nyumba yanu iyaka magetsi, chifukwa magetsiwo amakwezedwa mphamvu n'kutumizidwa kutali. Ngati dera lanu likufuna magetsi, madzi kapena thumba la chitukuko, imeneyo ndi nkhani yoikambirana payokha, n'kuilemba.

Ndiye musasaine musanaonane ndi loya wodziwa za malo, amene mwasankha nokha. Makampani ambiri amavomera kulipira loya wa mwini malo, ndipo kupempha zimenezi si mwano, koma asakusankhireni. Ngati malire a malo anu sanayezedwepo, kapena pali mkangano wa cholowa umene unangogonekedwa, yambani mwakonza zimenezo ndi woyeza malo komanso ofesi yoona za malo. Lipoti la za chilengedwe likatuluka muli ndi ufulu woliwerenga ndi kuperekapo maganizo nthawi yake isanathe, ndipo ngati chilankhulo chake n'chovuta pemphani kuti wina akufotokozereni tsamba la phokoso ndi la madzi. Mukaona kuti akukuopsezani, kapena wina wasaina m'malo mwa banja lonse popanda chilolezo, pitani kwa loya tsiku lomwelo.

Chomaliza chimene ndingakupempheni n'chakuti muuze kampaniyo ikutengereni kumalo ena kumene makina otere akugwira kale ntchito. Mukafika, chokani pagulu. Kaimeni theka la kilomita kumbali imene mphepo ikulowera, makamaka madzulo, mumvetsere nokha. Kenako mufunefune mwini malo wa kumeneko, mucheze naye popanda munthu wa kampani pafupi, mumufunse chimene akanasintha m'mapepala ake akanakhala kuti akusaina lero.